Ku Albion, wa ku Ndirande asathamangire lupanga

Tonse amene tinakulira pa mpira wa chikulunga tikudziwa mmene munthu wa pagolo ankapezekera. Palibe ankadzipereka. Tinkaikapo wamng'ono kwambiri, kapena amene wafika mochedwa matimu atagawidwa kale, ndipo chigoli chikalowa tonse tinkamutembenukira ngati iyeyo ndiye anataya mpira pakati. Khalidwe limeneli silinafe. Ndalipeza lili moyo mu Albion Online, gemu ya pa intaneti imene ine ndi anzanga angapo a muno mu Blantyre timasewera pa foni. Mukasonkhana asanu kuti mukamenye nkhondo, anayi amafika atanyamula malupanga, mipeni ndi mauta. Wachisanuyo ndiye mumachita kumunyengerera: "Aise, tagwira ndodo yochiritsira, lero lokha."

Ine ndikuti kwa munthu amene akusewera ali ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa kapena ku Machinjiri, ndodo imene aliyense akuikanayo ndiyo chida chanzeru. Pambali pake pali ng'ombe yonyamula katundu, ndi msika. Lupanga libwere pambuyo. Sikuti ndife opepera kapena zala zathu n'zolemera, ayi. Nkhani ndi mtunda, magetsi ndi kwacha, ndipo zitatuzi sizisintha ngakhale mutagula foni yodula bwanji.

Kwa amene simunaionepo, Albion Online inapangidwa ndi kampani ya Sandbox Interactive ya ku Berlin, ku Germany. Inatuluka mu Julayi 2017, inakhala yaulere mu Epulo 2019, ndipo mu Juni 2021 inafika pa Play Store ndi pa App Store. Kusiyana kwake ndi Free Fire kapena PUBG Mobile, zimene ambiri tinayambira, n'kwakuti kuno mpikisano sutha pakapita mphindi zingapo kuti aliyense ayambirenso ali chimanjamanja. Dziko lake limapitirira inu mutagona, ndipo mumakhala anthu masauzande nthawi imodzi. Chimene mwapeza lero, mawa muchipeza. Chimene akulandani lero, mawanso chidzakhala cholandidwa.

Dzikolo lili chonchi. Chigawo chimene aliyense amayambira chimatchedwa Royal Continent. Pakati pake pali mzinda wa Caerleon, ndipo mozungulira muli mizinda isanu, uliwonse ndi malo ake: Lymhurst m'nkhalango, Thetford kumadambo, Fort Sterling kumapiri ozizira, Martlock kuzitunda za miyala, Bridgewatch kuchigwa chouma cha udzu. Wobwera kumene amaona ngati n'zokongoletsa chabe, kuti maso asatope. Si choncho. Mzinda uliwonse uli ndi msika wakewake ndi mosungira katundu mwakemwake. Lupanga limene mwasiya ku Lymhurst simulipeza ku Martlock, ndipo mtengo wake kuno si mtengo wake uko. Mukafuna kukagulitsa kumene likudula, munyamule nokha, muyende nalo.

Eni gemu anachitanso dala kanthu kena kochenjera. Kumene chinthu chimachuluka si kumene chimakonzedwa mopindulitsa. Miyala ya chitsulo yachuluka kumapiri a Fort Sterling, koma kuyenga kwa phindu kuli ku Thetford. Zikopa zili mbwee ku Bridgewatch, koma kufufuta kwabwino kuli ku Martlock. Mitengo yadzaza ku Lymhurst, koma matabwa amachekedwa mopindulitsa ku Fort Sterling. Ndiye tsiku lonse m'misewu ya pakati pa mizindayi mumadutsa anthu okwera ng'ombe zolemedwa ndi katundu. Mnyamata wa ku Germany mwina amayenera kuwerenga kaye kuti amvetse zimenezi. Ife tinakula tikuziona. Mayi amene amalawirira ku Bvumbwe kukapikula tomato ndi kabichi n'kudzagulitsa ku Limbe, kapena bambo wotsitsa matumba a mbatatesi ya ku Tsangano, akhoza kukuuzani lamulo lonse la msika wa Albion asanagwireko foni: gula kumene zachuluka, gulitsa kumene zikusowa, ndipo uchotsere msonkho ndi zowonongeka panjira usanayambe kusangalala.

Komanso pafupifupi chilichonse chimene munthu wavala kapena wanyamula m'gemuyi chinapangidwa ndi wosewera mnzake. Wina anadula mtengo, wina anacheka matabwa, wina anasema uta, wina anaugula n'kukafa nawo. Zimandikumbutsa kuseri kwa msika wa Ndirande, kumene nyundo imayamba kulira m'mamawa, anthu akusula mbaula, ndowa, mageti ndi mawilibala, ena akukhoma mabedi ndi mipando. Ku Albion mmisiri amalemera ndi nkhondo za ena. Munthu akaphedwa, zina mwa zida zake zimatengedwa ndi womupha, zina zimaphwanyikiratu, ndipo posakhalitsa amabwera kumsika kudzagula zatsopano. Nkhondo ikakula, mmisiri amamwetulira.

Mawu oti "akaphedwa" afunika kuwamasulira, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani. Mapu onse anagawidwa m'mitundu inayi. M'dera labuluu palibe wosewera angakuputeni. Zilombo zokha n'zimene zingakugwetseni, kenako mumadzuka. M'dera lachikasu munthu akhoza kukumenyani mpaka kugwa, koma katundu wanu satenga. M'dera lofiira mukafa mwafa: wokuphaniyo amakuvulani chilichonse, kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndi zonse za m'thumba. Komabe gemu imakuuzaniko pakona kuti m'dera lino muli achifwamba angati. Kudera lakuda, kutsidya kumene amati Outlands, ngakhale chenjezo limenelo kulibe. Aliyense amene si wa gulu lanu ndi mdani. Zinthu zimayambira pa T1 mpaka T8, ndipo zamtengo wapatali kwambiri anaziika kumene kuli koopsa kwambiri. Walira mvula walira matope.

Caerleon yazunguliridwa ndi madera ofiira, ndipo n'komwe kuli Black Market, msika umene gemu yeniyeniyo imagula zida zopangidwa ndi osewera n'kukaziika m'mabokosi a chuma ndi m'matumba a adani a m'tchire. Mitengo yake nthawi zambiri imakhala yokoma. Koma kuti mukafike muyenera kudutsa pakati pa anthu amene ntchito yawo ndi kubisalira anzawo panjira, amene osewera amawatcha ma ganker. Ng'ombe imanyamula zambiri koma siithamanga. Ulendo wa mphindi zochepawo mtima umagunda ngati wa munthu amene watsika minibasi usiku, malipiro a mwezi ali m'sokosi.

Tsono onjezerani Malawi pamenepo. Netiweki ikaduka muli panjira, munthu wanu sazimiririka pompo. Amaima kaye pomwepo kwa kanthawi, ali njo ngati mwana wotayika pa depoti ya Wenela, ndipo wodutsa aliyense akhoza kumuvula. Mnzanga wina wa ku Machinjiri anataya katundu wa sabata yathunthu motero: magetsi anazima, rauta inazima nawo, mmene amayatsa data ya pa foni n'kuti ng'ombe ndi zonse zitapita. Kodandaula kulibe. Amene tinali mu Blantyre muno mu 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 mpaka chaka chotsatira, tikudziwa kuti magetsi si chinthu cholumbirira. Osewera a padziko lonse ali ndi lamulo loti usavale chimene sungakwanitse kutaya. Kwathu kuno lamuloli lili ndi mchira wake: usatulukenso nacho mitambo ikada, kapena ukamva aneba ayamba kufunsana kuti lero azima nthawi yanji.

Tibwere ku nkhani ya maudindo. M'magemu ambiri a mtundu uwu, monga World of Warcraft ya mu 2004, mumasankha pachiyambi penipeni kuti mukhala msilikali, wansembe kapena wamatsenga, ndipo mwasankha mwasankha. Albion inakana zimenezo. Kuno chimene mwavala ndicho muli. Chida cha m'manja chimakupatsani maluso atatu, chovala cha pathupi limodzi, chipewa limodzi, nsapato limodzi. Zovala zili mitundu itatu. Zachitsulo zimateteza kwambiri koma nkhonya yanu imafooka. Zansalu zimakulitsa mphamvu yomenya kapena yochiritsa, koma akakugwirani simulimba. Zachikopa zili pakatikati. Mukhoza kusakaniza mmene mwafunira, ngati pa kaunjika: chipewa cha uku, malaya a uko. Mukatopa ndi uta, kavuleni, mutenge nyundo, basi mwasanduka munthu wina. Chimene sichisamuka ndi luso. Chida chilichonse chimakula mphamvu malinga ndi mapointi otchedwa fame amene mwapeza mukuchigwiritsa ntchito, ndipo zonse zimalembedwa pa bolodi limene amati Destiny Board. Wodumphadumpha amapezeka ali ndi zida khumi, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene akuchidziwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ngakhale kulibe makalasi olembedwa, pankhondo anthu amagawanabe ntchito. Pali tank, wa zovala zachitsulo ndi chibonga kapena nyundo, amene amalowa patsogolo, kuunjika adani pamodzi ndi kuwakomola kwa kamphindi kuti anzake amenye. Pali a DPS, omenyawo, a mauta, nkhwangwa, malupanga, ndodo za moto ndi za chisanu. Pali support, amene ndodo yake ya Arcane siipha kwenikweni koma imatchinjiriza anzake ndi kuwawonjezera mphamvu. Ndipo pali healer, wa ndodo ya Holy kapena ya Nature. Pa makanema a pa YouTube ndi TikTok amene amaoneka ndi womenya, chifukwa manambala akuluakulu amatuluka pa chida chake. Healer akagwira bwino ntchito palibe chimaoneka. Anthu amangokhala osafa, basi.

Tsopano mtunda uja. Gemuyi ili ndi maseva atatu. Ya ku America ili ku Washington, ya ku Asia inatsegulidwa ku Singapore mu Malichi 2023, ndipo ya ku Europe inatsegulidwa ku Amsterdam mu Epulo 2024. Yotiyenera ife ndi ya Amsterdam, koma kuchoka ku Blantyre kukafika kumeneko ndi makilomita oposa 8,000 mowongoka. Mukadina batani, uthenga uyenera kukafika ndi kubwerako musanaone zotsatira zake. Kuwala m'chingwe cha faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, ndiye ngakhale chingwecho chikanawongoka ngati mzere wa rula, kupita ndi kubwera kukanadya mamilisekondi 80. Koma Malawi sanakhudze nyanja yamchere. Intaneti yathu imadutsa kaye m'maiko oyandikana nawo monga Mozambique ndi Tanzania, n'kulowa pansi pa nyanja, n'kuzungulira. Nambala ya kuchedwa kumeneku ndi imene amati ping. Pa foni yanga, tsiku labwino, imasewera cha m'ma 200. Mdani wanga wa ku Netherlands kapena ku Germany yake mwina siifika n'komwe 30. Ndiye kuti chimene ine ndikuona pa sikirini chinachitika kale. Ndikumenyana ndi chithunzi cha mmene zinthu zinalili kamphindi kapitako.

Kuchedwa kokhazikika munthu amazolowera. Choipa ndi kudumphadumpha, pamene 200 yasanduka 600 chifukwa dera lonse lalowa pa TikTok madzulo. Ndipo pali masiku ngati 12 Meyi 2024, pamene zingwe za pansi pa nyanja za EASSy ndi Seacom zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, intaneti n'kufooka kuyambira Kenya ndi Tanzania mpaka kuno. Seva ya Europe inali isanakwanitse n'komwe mwezi, anzathu a kunja akuthamanga kukhazikitsa misika ndi kulanda madera, ife tikuyang'ana kachizindikiro kozungulira. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, inde, koma ndi angati a ife a lendi ya chipinda chimodzi amene tingaikhome padenga?

Ndi ping yotere, mpikisano wa mmodzi ndi mmodzi ndi kudziputira misozi. Mu Corrupted Dungeons, mmene anthu awiri amakumana okhaokha, zonse zimagona pa kulewa nkhonya yaikulu ya mnzako pa kamphindi koyenera, n'kubwezera iye asanakonzeke. Mlingo woyamba, wa Hunter, sutayitsa katundu, ndiye kayeseni pamenepo mudzimvere nokha. Pa Stalker ndi Slayer wogonja amatuluka ali chimanjamanja. Ndaona anyamata akulowamo ndi mipeni iwiri chifukwa anaona dolo wina wa kunja akuchita zodabwitsa pa YouTube, kugonja kakhumi kotsatizana, kenako kuyamba kutukwana foni. Foni ilibe mlandu. Mnzanu uja akuona dzanja lanu likunyamuka inu musanaone lake. Alipo ochepa amene amapambanabe chifukwa anaphunzira kulosera mdani, koma sukulu imeneyo fizi yake ndi malupanga ambirimbiri.

Healer samenya nkhondo ya zala yotereyi. Ntchito yake yaikulu ndi kuona patsogolo. Tank wathu akulowa, ndiye pakapita masekondi awiri moyo wake utsika. Uyu wa uta waima poipa, amugwira posachedwa. Ndodo ya Nature imathandiza kwambiri apa, chifukwa mankhwala ake ambiri amachiritsa pang'onopang'ono kwa masekondi angapo. Mumawaika munthu asanavulale kwambiri, ndipo kuchedwa kwa kachigawo ka sekondi sikuwononga zambiri. Zimafanana ndi bawo: wopambana si wa dzanja lothamanga, ndi amene wawerenga nkhomo asanagwire.

Sindikunena kuti n'zophweka. Adani anzeru amayamba kusaka healer, ndipo wovala nsalu akagwidwa sachedwa kugwa. Muyenera kudziwa poima: osati patali poti mankhwala safika, osati pafupi poti chibonga chikupezani. Timu ikafa, mlandu ndi wanu, ngati wa pagolo uja. Koma taonani phindu lake. Popeza aliyense akufuna lupanga, healer amasowa. Mu Arena, mmene asanu amalimbana ndi asanu popanda kutaya katundu, healer sakhalitsa pamzere. Mu Hellgates, za awiriawiri kapena asanuasanu, womenya wabwino amachita kufunafuna healer wokhulupirika, ndipo akamupeza samusiya. Magulu a kunja amene sangayang'ane kawiri womenya wa ping 200, chifukwa omenya ali nawo kale ambiri, healer wodekha amamulandira ndi manja awiri.

Pena ndimamva anyamata akunena kuti kuchiritsa ndi kwa atsikana. Ndi omwe aja amaona ngati mthiko ungawalume. Mchemwali wina wa ku Chilomoni amene timasewera naye amagwira nyundo, ndiye tank wathu, ndipo akati "lowani" palibe amatsutsa. Chimene chimamutopetsa si adani a m'gemu koma anyamata a pa Discord amene akangomva mawu a mkazi amaiwala nkhondo n'kuyamba kupempha nambala. Achimwene, tasiyani zimenezo. Mukutithawitsira osewera abwino.

Mpikisano waukulu kwambiri ndi umene amati ZvZ: magulu a anthu makumimakumi, nthawi zina mahandiredi, kulimbirana madera ndi malinga a ku Outlands, mapointi n'kumawerengedwa pa sizoni yonse ngati ligi. Mtsogoleri mmodzi amafuula pa Discord, onse n'kutsatira. Lowani, bwererani, kumanzere, menyani tsopano. N'zokoma kuonera. Koma foni zambiri zimene tili nazo sizipirira. Anthu akachuluka pa sikirini imatentha ngati chiwaya cha pa Kamba, zithunzi n'kuyamba kudukaduka, ndipo mmene ikutsitsimuka mumapeza mwagona kale pansi. Kwa wa pa foni, mlingo wathu ndi nkhondo za magulu ang'onoang'ono, a anthu asanu mpaka makumi awiri, ndi Faction Warfare, mmene mumavala mbendera ya mzinda wanu n'kukaumenyera. Ubwino umodzi wokha tili nawo ndi wotchi. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala nthawi ya Amsterdam ndi ya Blantyre n'chimodzimodzi, ndipo miyezi yotsalayo zimasiyana ndi ola limodzi lokha. Nkhondo zawo za madzulo ndi madzulo athunso. Pa seva ya America zazikulu zimagwa kuno kuli pakati pa usiku kapena m'bandakucha, ndipo munthu amene mwamukulitsa pa seva ina simungamusamutsire kwina.

Gulu lokhazikika, limene amati guild, limayenda ngati banki m'khonde. Atsogoleri amaika kamsonkho pa siliva amene mamembala amatola, amapita m'thumba la gulu, ndipo munthu akafera pa nkhondo imene gulu linaitana, amamubwezera zida. Amati regear. Kwa munthu amene netiweki ikhoza kumupha nthawi ina iliyonse, imeneyi ndi inshuwalansi. Koma monga banki m'khonde, zonse zimagona pa amene wasunga kiyi wa bokosi. Nkhani za msungichuma kusesa zonse usiku n'kusowa ziliko ku Albion monga zilili kwathu kuno. Musanalowe, funsani: regear imaperekedwa kwa ndani, imatenga masiku angati, msonkho ndi wochuluka bwanji, ndipo akuyembekeza kuti muzipezeka kangati pa sabata. Ena amafuna munthu azionekera tsiku lililonse ngati anamulemba ntchito. Wa shifiti ya usiku ku Makata kapena wa mayeso ku MUBAS asalonjeze zimene sangakwanitse.

Yatsala kwacha. Gemuyi ndi yaulere, koma pali Premium, imene imawonjezera theka pa fame ndi pa zokolola za m'tchire, n'kuchepetsa msonkho wa pamsika. Mtengo wake uli m'ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene wayesapo kulipira chinthu cha kunja ndi khadi akudziwa mmene madola akuvutira. Mwayi wake ngwakuti Premium imagulikanso ndi siliva wa m'gemu momwemo. Apa m'pamene wamalonda ndi mmisiri amaseka. Msika sufunsa ping. Oda yogula mukhoza kuiika muli m'minibasi ya ku Bangwe mukudikira kuti idzaze, n'kudzaiona madzulo. Komabe werengani maola. Siliva wa Premium ya mwezi umodzi si wa masana amodzi. Ngati zafika poti mukudzuka n'kuyamba kudula mitengo yabodza maola asanu kuti mulipire mwezi wina wodula mitengo yabodza, ameneyo ndi ganyu wopanda malipiro. Ambiri a ife madigiri ali m'sutikesi, ndipo nthawi n'chinthu chokhacho chimene tili nacho chambiri. N'chifukwa chake imaoneka yotchipa.

Pamenepo wina amaganiza: bwanji osagulitsa siliva ameneyu ndi makwacha enieni? Zinachitikapo kwina. Ku Venezuela, ndalama yawo itatha mphamvu, anthu ambiri anayamba kusewera Old School RuneScape ngati ntchito, kusonkhanitsa golide wa m'gemu n'kumugulitsa ndi madola kwa osewera a m'maiko olemera. Anachuluka moti magetsi atazima pafupifupi dziko lawo lonse mu Malichi 2019, mitengo ya zinthu zina m'gemumo inagwedezeka. Nkhani yotere imakoma m'khutu la munthu wosowa ntchito. Koma mu Albion kugula kapena kugulitsa siliva ndi ndalama zenizeni n'koletsedwa, ndipo akakugwirani akaunti imatsekedwa, fame ya miyezi yonse n'kupita nayo. Kuwonjezera apo, wokuuzani pa WhatsApp kuti mutumize kaye ndalama pa foni, siliva abwera pambuyo, ndi mphwake wa uja amalemba kuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi".

Kwa amene mukufuna kuyamba sabata ino, dawunilodani pa Wi-Fi, chifukwa failo yake ndi ma update ake n'zimene zimameza bandulo. Kusewera kwenikweniko sikudya kwambiri. Sankhani seva ya Europe. Mukamaliza maphunziro a pachiyambi, khalani m'madera abuluu ndi achikasu mpaka muthe kuvala zida za T4. Gulani ndodo ya Nature ndi mkanjo wansalu, maseti atatu otchipa m'malo mwa imodzi yodula, awiri akhale mosungira katundu. Lowani mu Arena kangapo muphunzire poima. Kudera lofiira mupite koyamba muli ndi anzanu, foni ili yodzaza moto, Wi-Fi mutazimitsa ngati rauta yanu ilibe batire, ndipo bandulo isakhale ija yotha 12 koloko usiku.